Phunziro 6: Kupeta Zotsala za Pamgodi Popanda Madzi

Cholinga cha phunziroli

Tikufuna tidziwe kuopsa kwa milu ya miyala yotsala pamgodi, ndi zimene tiyenera kufunsa tisanalole wina kukumba m'dera lathu. Nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Luwani, chifukwa m'chigwa cha Lisungwi anthu amasefa golide, ndipo sitima za malasha a ku Moatize zimadutsa m'boma lathu la Neno popita ku Nacala.

Vuto lili pati?

Pamalo ambiri pamene pali golide, kopa kapena malasha pamapezekanso mwala wonyezimira ngati golide wotchedwa pyrite. Kuno kwathu ulipo wambiri ku Malingunde, ku Lilongwe. Mwalawu ndi chitsulo chosakanikirana ndi sulufule. Ukakhala pansi pa nthaka suvuta. Koma ukaswedwa n'kusiyidwa pamtetete, mpweya ndi mvula zimausandutsa asidi amene amayenderera kumitsinje kwa zaka zambiri, ngakhale mgodi utatsekedwa.

Tinaona zimene asidi amachita mu February 2025 ku Chambishi, m'dziko la Zambia. Damu la zinyalala za mgodi wa kopa linaphulika, asidi analowa mumtsinje wa Kafue, nsomba ndi mbewu zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi.

Njira yopeta

Amayi akamapeta ndi lichero, mankhusu amauluka ndipo chimanga chimatsala. Makina ena amagwira ntchito chimodzimodzi. Miyala imaphwanyidwa, kusefedwa, n'kuikidwa pathebulo logwedezeka lomwe limapemerera mpweya kuchokera pansi. Pyrite amalemera pafupifupi kawiri kuposa mchenga, ndiponso koposa katatu kuposa malasha, choncho amatsalira pansi n'kutulukira kwake. Ku China amatsuka malasha ambiri mwa njira imeneyi.

Ubwino wake ndi wakuti madzi samatungidwa mumtsinje, ndipo sipafunika damu lalikulu la matope. Pyrite wopatulidwayo angathe kuotchedwa kufakitale n'kupanga asidi wopangira feteleza.

Koma njirayi siigwira bwino pa miyala yonyowa kapena yosalala ngati ufa. Imatulutsanso fumbi. Madala athu amene anapita ku Wenela akudziwa momwe fumbi la mgodi limaonongera mapapo. Nchifukwa chake makinawa ayenera kukhala ndi zogwira fumbi.

Ufulu wathu

Lamulo la zachilengedwe la chaka cha 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu ngati mgodi iyambe yaunikidwa momwe idzakhudzire anthu ndi chilengedwe. Pamsonkhano wotero tisangoombera m'manja. Tifunse mafunso atatu: Kodi miyala yanuyi ili ndi sulufule? Mudzaipatula bwanji? Nanga mukadzachoka, adzasamale miluyi ndani?

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi m'mudzi mwathu madzi akumwa ndi othirira dimba timatunga kuti?
2. Madzi atasintha mtundu kapena nsomba zitayamba kufa, tingauze ndani poyamba?
3. Mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi angatiyimirire bwanji pamaso pa kampani?