Khoswe, chingwe cha nyali ndi mawaya a galimoto



Phunziro la mwezi uno lachokera pakhomo panga pomwe. Mwana wa mlongo wanga ali ndi kapikapu kakale komwe amanyamulira matemba ndi milamba kuchokera ku Kachulu kudzagulitsa pamsika wa Songani, ndipo nthawi yokolola amanyamulanso mpunga wa anthu. Nyanja itatsekedwa geni inachepa, ndiye anadzaimika galimotoyo kwathu, pakati pa nkhokwe ndi khola la nkhuku. Amene anamulozera malowo ndine ndemwe, poti pali mthunzi. Inakhala pamenepo masabata asanu osaliza.

Tsiku loti ayambirenso ntchito anandipeza kumunda. "Amalume, galimoto ija yakana." Titatsegula boneti tinapeza chisa cha makoko a chimanga ndi tizidutswa ta thumba pamwamba pa injini, zitsononkho, zitosi za makoswe, ndi mawaya atatu oteketedwa, mkuwa uli poyera. Anaitana mnyamata wina amene amati amadziwa zamagetsi. Iyeyo anapota mawayawo, kuwakulunga ndi jumbo, ndipo fyuzi yomwe inkangopsa anaizula n'kuikapo kawaya. Galimoto inalira, tonse tinati Alhamdulillah.

Patapita masiku awiri, titangochoka ku swala ya Isha, mayi a kunyumba anamva fungo la pulasitiki yopsa. Utsi unkatuluka m'boneti, galimoto ili chiimire, kiyi ali m'thumba mwa mwini wake. Mnyamatayo anachita changu kumasula batire, ife n'kuthira mchenga. Nkhokwe yokhala ndi chakudya cha chaka chonse inali mamita awiri okha kuchokera pamenepo.

Usiku umenewo ndinakumbukira hadith yomwe tinaphunzira ku madrasa tili ana. Mu Bukhari muli lamulo la Mtumiki Muhammad (SAW) loti pogona tizivundikira ziwiya, kutseka zitseko ndi kuzimitsa nyali, ndipo chifukwa chimene anapereka ndi khoswe: akhoza kukoka chingwe cha nyali n'kuwotcha nyumba ndi eni ake. Abu Dawud akusimbanso kuti tsiku lina kanyamaka kanakoka chingwe choyaka n'kuchiponya pa mkeka umene Mtumiki anakhalapo, mkekawo n'kupsa malo aakulu ngati ndalama yachitsulo. Ambirife nyali za chingwe tinazisiya, tili ndi matochi ndi sola. Koma moto uja sunachoke pakhomo, unangosamukira m'batire. Batire ya galimoto ndi ya mavoti 12 basi, kuigwira sikugwedeza munthu, n'chifukwa chake timaiderera. Komatu waya wosenda ukakhudza chitsulo cha galimoto, mphamvu yonse ya batireyo imathamangira pamenepo, wayawo umafiira ngati khala. Ndipo pali mawaya ena, monga otuluka pa batire penipeni, amene amakhala ndi moto ngakhale kiyi mwachotsa.

Ena amafunsa kuti kodi khoswe amapezamo chiyani mu waya. Sikuti amakhuta nawo ayi. Mano ake akutsogolo sasiya kukula moyo wake wonse, ndiye amateketa chilichonse cholimba chimene chili pafupi: thabwa, paipi, sopo, waya. Chomwe chimamubweretsa ndi chakudya ndi pogona. Tsono taganizani galimoto zathu kunoko. Kumbuyo kumatsala mitu ya matemba, mpunga wotayika m'ming'alu, madeya. M'kati ana asiyamo makoko a mtedza. Injini ikazima madzulo imakhala yofunda, mwamdima, mphaka safikamo. Khoswe wamkazi amatenga bere masabata atatu okha. Masabata asanu aja anali okwanira kuti banja lonse likhazikike, ndipo ine ndinachita kuwaikira nyumba pafupi ndi nkhokwe.

Pa za fyuzi ndifuna tichedwepo, chifukwa apa ndi pamene tinatsala pang'ono kusauka. Fyuzi anaipanga dala kuti ikhale yofooka, kuti pakachitika shoti iyambe ndi iyo kupsa, moto uduke, mawaya apulumuke. Ikapsa kawiri motsatizana, musaikwiyire, ikukuuzani kuti penapake waya wasenda. Kuikapo kawaya, msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi kuli ngati kumanga pakamwa mlonda amene akukuwa kuti kwabwera akuba. Fyuzi iliyonse ili ndi nambala pamsana: yofiira ndi 10, ya buluu 15, yachikasu 20. Mwachotsa 10, bwezeranipo 10. Ndipo amakaniko akalumikiza waya, imani pomwepo muone: awotcherere kapena amange ndi cholumikizira chake, akulunge ndi tepi ya magetsi, osati jumbo kapena mphira wa chubu. Muwapemphe atsatire mtolo wonse wa mawaya, chifukwa khoswe sateketa pamodzi. Ifeyo tinakonza atatu ooneka aja, wachinayi anali pansi pa batire. Aonenso timapaipi ta mafuta ndi bokosi la sefa ya mpweya, paja amakonda kumangamo chisa.

Kuzimitsa nyali kwa masiku ano ndi uku: galimoto ikakhala kuti iima masiku ambiri, masulani waya wa batire wa mbali yolembedwa chizindikiro chochotsera, nthawi zambiri umakhala wakuda. Yambani ndi umenewo, ndipo pobwezera mumalize ndi womwewo. Wotchi ndi wailesi zidzasokonekera, zimenezo n'zazing'ono. Sesani ndi kutsuka kumbuyo musanaimike. Imikani pabwalo poyera, kutali ndi nkhokwe, khola, mulu wa mapesi kapena maukonde ounjika, ndipo lambulani udzu. Masana tsegulani boneti kuwale. Pa sabata kamodzi ilizeni, isunthe malo. A njinga zamoto musati izi n'za eni magalimoto: pansi pa chishalo pali batire ndi mawaya, ndipo ambiri njingayo mumaigoneka m'chipinda chimodzi ndi matumba a mpunga, ana ali chipinda chinacho.

Za tsabola ndayesapo. Kunja kuli tepi ya kampani ya Honda yomwe anaipaka ukali wa tsabola kuti makoswe asatekete. Ine ndinasinja kambuzi n'kuwaza m'mbali mwa injini. Zinathandiza masiku ochepa, ukali utatha anabwerera.

Kupha khoswe Chisilamu chimalola. Ali m'gulu la zolengedwa zisanu zowononga zomwe Mtumiki (SAW) analoleza kupha ngakhale m'malo opatulika a ku Makka. Koma anatilamulanso kuti kupha kulikonse kukhale kwachangu, kopanda nkhanza, ndipo analetsa kulanga cholengedwa ndi moto. Anyamata amene mumagwira khoswe wamoyo n'kumuthira petulo, lekani. Ndi tchimo, komanso akapulumuka ali chiyakire amathawira kudenga la udzu. Tcherani msampha wachitsulo kapena diwa pafupi ndi matayala, poti ndipo amakwerera, nyambo yake mutu wa temba wowotcha. Mukatola zitosi ndi chisa valani jumbo kumanja n'kusamba ndi sopo, chifukwa ndi najisi, komanso mkodzo wa khoswe umafalitsa matenda.

Tameki ndi timankhwala tina ta m'mapepala opanda dzina tomwe timagulitsidwa m'misika, pakhomo panga sindilola. Khoswe akadya amakafera kwina, nkhuku n'kumujompha, mphaka n'kumudya, ndipo nyambo yotsala imafanana ndi chakudya m'maso mwa mwana wokwawa. Amafa nayenso kadzidzi, amene usiku uliwonse amatigwirira makoswe kwaulere. Ndikudziwa kuti ena mukamva kadzidzi padenga mumatola miyala, mumati wabweretsa maliro. Mtumiki (SAW) anakana zoti mbalameyi ili ndi malodza. Musiyeni agwire ntchito yake.

Mwana wa mlongo wanga uja anakakonzetsa mawaya onse ku galaja ku Zomba, ndipo phindu la maulendo angapo a ku Kachulu linathera komweko. Pano galimotoyo imagona pabwalo la kutsogolo, pamtetete, batire yomasula. Msampha womwe tinatchera pa tayala lakumbuyo unagwira anayi sabata yoyamba.

Wabillahi taufiq.