Mwana wathu akati "ndamukonda": kodi amudyetsa kondaine?

Amayi anzathu, nyengo yogulitsa nandolo ikafika kuno ku Phalombe, ndalama zimayenda pa Migowi ndi pa Chiringa, ndipo nkhani za zibwenzi nazo zimachuluka. Mtsikana amene dzulo lomweli anali womvera wayamba kuchedwa kumjigo, nsima akungoitola, usiku foni ili kukhutu. Ife timafulumira kunena kuti amudyetsa kondaine, kapena kuti wayamba mwano. M'phunziro la mwezi uno tiyeni tione zimene zimachitika m'thupi la munthu amene wagwa m'chikondi, kuti tidziwe polasa pomulangiza.

M'chaka cha 2005, Helen Fisher ndi anzake a ku America anaunika ubongo wa achinyamata omwe anali atangoyamba kumene chibwenzi. Powaonetsa chithunzi cha wokondedwa wawo, mbali ya ubongo yomwe imagwira ntchito ndi mankhwala a m'thupi otchedwa dopamine inkatakataka kwambiri. Mbali imeneyi ndi yomwenso imamukokera munthu ku fodya kapena ku mowa. N'chifukwa chake wokonda sagona, sadya bwino, ndipo maganizo amangozungulira pa munthu mmodzi. Zaka zisanu m'mbuyo mwake, mu 2000, Andreas Bartels ndi Semir Zeki a ku London anapeza kuti pa nthawi yomweyo mbali zina za ubongo zothandiza kuchita mantha ndi kuweruza zinthu zimayamba zazizira. Choncho tikamuuza kuti mnyamatayo ndi kamberembere, iye saona zimene ife tikuona. Kondaine wake ali m'mutu mwake momwe, ndipo ambiri a ife, tikanena chilungamo, tinamudyapo.

Koma moto umenewu sukhalitsa. Akatswiri ambiri amati umayamba kuzirala pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Chomwe chimagwira banja pambuyo pake ndi china: kuzolowerana, kudalirana, mtima kukhala m'malo mnzako akakhala pafupi. Pamenepa thupi limathandizidwa ndi mankhwala ena otchedwa oxytocin. Amayife timawadziwa ngakhale dzina lake n'lachilendo. Ndi omwe amayendetsa matenda a uchembere, ndi omwe amatsitsa mkaka mwana akagwira bere, ndiponso ndi omwe ali mu jakisoni amene anamwino amatibaya tikangochira kuti chiberekero chibwerere ndipo magazi asatayike ambiri. Thupi limawatulutsanso anthu akamakhudzana mwachikondi. Koma kudalirana kumeneku kumamangidwa pang'onopang'ono, ndi zochita za tsiku ndi tsiku, ndipo sikungayesedwe pa miyezi itatu ya chibwenzi.

Apa ndiye pagona nkhani yathu. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, yomwe imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imamaliza kukhwima munthu akamayandikira zaka 25. Mtsikana wa zaka 15 thupi latha msinkhu, moto wayaka, koma mabuleki sanalimbe. Ife tikaopa manyazi n'kumuthamangitsira ku banja, timamangira nyumba pa chinthu chomwe chizirala posachedwa. Ndipo kuno kwathu kwa chikamwini tikudziwa yemwe amatsala ndi katundu: mkamwini amanyamula kachikwama kake ulendo wa ku nyanja ya Chilwa kapena ku Mozambique, mwana wathu n'kutsala pakhomo pathu pomwe, khanda kumsana, sukulu itathera panjira. Lamulo nalo likukana. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inachotsa m'malamulo oyendetsera dziko ndime yomwe inkalola ana a zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera.

Nanga tichite chiyani? Kumukalipira ndi kumunyoza mnyamatayo nthawi zambiri kumangochititsa kuti chibwenzicho chilowe pansi. Tamuitanani potongola chimanga kapena posenda nandolo, muli awiri. Mufunseni chomwe amukondera, amakhala bwanji akakwiya, amawalankhula bwanji mayi ake. Muuzeni mosabisa za mimba ndi matenda opatsirana pogonana. Ngati pakamwa pakulemera, pemphani azakhali ake kapena mlangizi amene mwanayo amamasuka naye. Amalume ake nawo audzidwe msanga, asanalandire mawu kuchokera kuchimuna.

Pokambirana m'magulu mwathu, aliyense akumbukire zaka zake zija: ndani anatilankhula mpaka tinamva, ndipo anayamba ndi mawu otani?