Musanapume pa Ntchito ya Boma, Konzani Fayilo ndi Thanzi

Wogwira ntchito m'boma amadziwiratu chaka chimene malipiro a mwezi adzaleke. Zaka zopumira ndi 60, ndipo tsiku lobadwa linalembedwa m'fayilo pomwe munkayamba ntchito. Komabe ambiri amayamba kuthamanga kalata yopumira itafika kale. Kukatsala zaka zisanu, yambani kukonza zinthu ziwiri zimene zimasautsa opuma ambiri: mapepala ndi ndalama za chipatala.

Choyamba dziwani penshoni imene muli. Mu 2017 boma linakhazikitsa thumba la Public Service Pension Trust Fund, ndipo amene anali ndi zaka 35 kapena kucheperapo analowa m'ndondomeko yosonkha mwezi ndi mwezi. Achikulire anatsala m'ndondomeko yakale, momwe boma limalipira gratuity ndi penshoni ya pamwezi potengera malipiro ndi zaka zimene munthu wagwira. Ngati muli m'thumba losonkha, musakhutire ndi kuona pa payslip kuti akudulani. Pemphani sitetimenti yanu chaka chilichonse, muone ngati ndalamazo zikufikadi. Ngati muli m'ndondomeko yakale, chuma chanu chonse chagona m'fayilo.

Pitani kwa a HR mukaione fayiloyo ndi maso anu. Mukhale kalata yolembedwera ntchito, yotsimikizidwa pa udindo, ya kukwezedwa kulikonse ndi ya kusamutsidwa kulikonse. Mphunzitsi amene anayambira ku Nsanje, n'kupita ku Mchinji, n'kudzapumira ku Rumphi, angapeze kuti kalata ina inatsala ku ofesi ya maphunziro ya boma limene anachokako kalekale. Fananizaninso dzina ndi tsiku lobadwa za m'fayilo ndi za pa chiphaso cha unzika. Chilembo chimodzi chikasiyana, fayilo imabwerera kuchoka ku Capital Hill, inu muli kumudzi mukudya za katapila. Jambulitsani kalata iliyonse, musunge kunyumba. Fomu ya odzalandira ndalama mukamwalira muikonzenso ngati munakwatiranso kapena kubereka ana ena, kuti mkazi wamasiye asadzalimbirane ndi abale anu pakhomo la ofesi.

Za thanzi ndiye ambiri saziwerengera n'komwe. Zipatala za boma n'zaulere, koma tonse tinauzidwapo kuti "mankhwalawa kagulani ku famase", ndipo zipatala za CHAM n'zolipira. Matenda a shuga ndi BP sapola ndi jakisoni mmodzi. Amafuna mankhwala mwezi uliwonse mpaka moyo wonse. Kayezetseni mukadali pa malipiro: shuga, BP, maso, ndi khansa ya khomo la chiberekero kwa amayi kapena prostate kwa abambo. Mukadziwa matenda anu, mudziwanso mtengo wake, ndipo muuike m'bajeti limodzi ndi feteleza. Ngati muli pa sikimu ya chipatala monga MASM kudzera ku ntchito, funsani lero ngati idzapitirire mukapuma, mudzalipira zingati panokha, ndiponso ngati akunyumba kwanu adzakhalabemo. Yankho alipereke molemba. Ganiziraninso kumene mudzakhale: nyumba ya kumudzi ndi yabwino, koma werengani mtunda wokafika kuchipatala nyengo ya dzinja.

Gratuity ikalowa, abale ndi alangizi a bizinesi amachuluka. Musaithire yonse mu minibasi kapena chigayo chimene simunayendetsepo. Bizinesi iyambeni pang'onopang'ono mukadali pa ntchito, kuti mukaluza malipiro akudzutseni. Kuisiya phee mu akaunti nakonso kuli ndi vuto lake: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya mankhwala n'kukwera. Malizani ngongole za kubanki ndi ku SACCO musanapume, foletsani nyumba, kenako patulani gawo la chipatala muliike poti lizipindula, ndipo lisakhudzidwe ndi chinkhoswe kapena ukwati wa mwana.

Sabata ino lembani kalata yopempha kuona fayilo yanu, ndipo musunge kope lodindidwa. Cholakwika chimene mungakonze ndi ulendo umodzi mukadali pa ntchito chingakudyereni miyezi yambiri mutapuma, pamene ndalama yokwerera basi ikuchokera m'thumba lopanda malipiro.