Kubwereketsana Akatswiri a Makompyuta M'boma: Njira Zoyenera Kutsata

Mu February 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zinalowa m'makina opangira mapasipoti ndipo zinkafuna dipo. Kwa masabata angapo ntchito yosindikiza mapasipoti inaima. Mu 2013, nkhani ya Cashgate inali itaonetsa kale kuti anthu ochepa odziwa bwino makina a IFMIS ankatha kutulutsa ndalama za boma n'kufufuta umboni wake m'makinamo. Nkhani ziwirizi n'zosiyana, koma zikudzutsa funso limodzi: makina ofunika a boma akasokonezedwa, ndi anthu angati amene amawadziwa mokwanira kuti aone vutolo msanga ndi kulikonza?

Pa malipiro, boma silingapikisane ndi mabanki kapena makampani a mafoni. Katswiri akangokhwima, ena amamukopa. Chodalirika n'kukulitsa luso la antchito amene alipo kale, ndipo njira imodzi yosaboola m'thumba ndiyo kuwatumiza kwa kanthawi kuti akagwire ntchito ku nthambi ina. Wosamalira netiweki ku unduna akakhala miyezi ingapo ndi gulu lolimbana ndi ziwembu za pa intaneti, pobwerako sangonena kuti "kompyuta ikuvuta". Amayamba wafufuza ngati wina sanalowemo.

Ku America zimenezi anaziika m'lamulo lotchedwa Federal Rotational Cyber Workforce Program Act, limene Pulezidenti Joe Biden anasainira mu June 2022. Ofesi yoona za antchito a boma kumeneko, Office of Personnel Management, ndiyo inapatsidwa udindo woyendetsa ndondomekoyi. Wantchito amapita ku nthambi ina kwa miyezi 6 mpaka chaka chimodzi, malipiro ake amachokerabe kumene analembedwa, ndipo nthawi ikatha amabwerera pa mpando wake. Lamuloli analipatsa zaka zisanu kuti aone ngati likuthandiza.

Msana wa ndondomeko yonseyi ndi wakuti munthuyo wabwerekedwa, ndipo tsiku lobwerera likudziwika. Kuno kwathu kalata ya transifa ambiri amailandira ngati chilango, makamaka ikabwera modzidzimutsa. Ndondomeko yanu ikangonunkha transifa, odziwa ntchito adzaithawa. Malangizo otsatirawa ndi a inu akuluakulu a nthambi za makompyuta ndi oyang'anira za antchito.

1. Yambani ndi kalembera wa luso

Musanatumize aliyense, dziwani pamene mukuperewera. Lembani makina onse amene nthambi yanu imadalira: a malipiro, a maimelo, osunga mafayilo, netiweki, webusaiti. Pafupi ndi aliwonse lembani mayina a anthu amene angawadzutse atagwa usiku, popanda kuimbira wina foni. Musalembe amene ali ndi satifiketi chabe, koma amene anagwirapo ntchitoyo ndi manja awo. Pamene pali dzina limodzi lokha, chongani ndi cholembera chofiira. Pamenepo ndi poyambira.

Lembaninso luso limene mulibiretu, monga kufufuza mmene mbava zinalowera, kuwerenga zolemba zimene makina amasunga pa chilichonse chochitika m'kati mwake, kapena kuunika mapangano ndi makampani ogulitsa mapulogalamu. Ngati mukusowa poyambira, bungwe la ku America la NIST lili ndi chikalata chotchedwa NICE Framework, chimene chimagawa ntchito za chitetezo cha makompyuta m'magulu n'kufotokoza zimene wogwira ntchito iliyonse ayenera kudziwa. Tengani zokhazo zogwirizana ndi ofesi yanu.

2. Pezani malo olandira amene ali ndi ntchito yeniyeni

Malo abwino ndi amene ali ndi luso lomwe inu mulibe. M'Malawi muno, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linakhazikitsa gulu la Malawi CERT pansi pa MACRA, loona za ziwembu za pa intaneti. Palinso nthambi ya E-Government, ofesi ya Accountant General imene imayendetsa IFMIS, bungwe la NRB losunga kaundula wa nzika, ndi MRA imene ili ndi makina otolera misonkho. Kulikonse mwa malowa kuli zophunzira zosiyana. Musaiwale makhonsolo. Katswiri wa ku Capital Hill akakhala miyezi ingapo ku khonsolo ya kumudzi, kumene magetsi amazimazima ndipo intaneti imayenda mwa apo ndi apo, amasiya kupanga mapulogalamu ongoyenda bwino mu Lilongwe mokha.

Musavomere malo amene olandirawo akungoti "abwere, tidzaona chomupatsa". Munthu wotero amakathera pa desiki ya pakona, manja lende, akutumidwa kukonza makina osindikizira. Pemphani kuti alembe ntchito imodzi kapena ziwiri zokhala ndi mapeto ooneka. Mwachitsanzo: kuyesa ngati zinthu zosungidwa padera zingabwezeretsedwedi seva itawonongeka, kapena kulemba ndondomeko yotsata wantchito akatsegula imelo yachinyengo.

3. Ikani nthawi yokwanira, ndi tsiku lobwerera

Masabata awiri ndi ulendo wokacheza. Mwezi woyamba umathera pa kudziwa anthu ndi makina, choncho phindu limayamba kuoneka kuyambira mwezi wachitatu. Miyezi 6 ndi poyambira pabwino. Kupitirira chaka, munthu amazika mizu ndipo kwawo amayamba kumuiwala. Pewani kutumiza anthu pa nyengo imene nthambi yanu imapanikizika, monga kumapeto kwa chaka cha zachuma kapena pamene mukukhazikitsa makina atsopano.

4. Lembani pangano la mbali zitatu

Wantchito, bwana wake ndi bwana wa kumene akupita, onse asaine pepala limodzi. Zapakamwa zimaiwalika, ndipo mabwana amasinthidwa. Panganolo liyankhe mafunso awa momveka:

Malipiro akuchokera kuti? Chosavuta n'chakuti apitirire kuchokera kumene munthuyo analembedwa.

Nanga za nyumba ndi thiransipoti ngati akusamukira mzinda wina? Nkhani ya alawansi ikambidwe asananyamuke, ndipo ikhale yofanana kwa onse. Ikasiyidwa m'malere, ndondomekoyi imasanduka mwayi wa ndalama umene anthu amalimbirana, maphunziro n'kuiwalika.

Mpando wake ukhala bwanji? Lembani kuti usungidwa, ndipo mayeso okwezera anthu akabwera iye ali kwina, adzaitanidwa ngati anzake.

Adzaunika ntchito yake ndani? Bwana womulandira alembe lipoti, ndipo lipotilo lilowe m'fayilo yake.

Akabwerako adzakhala nthawi yaitali bwanji asanachoke? Ku America wantchito amasaina kuti akabwerera adzagwirabe ntchito kwawo kwa nthawi yofanana ndi imene anakhala kwina. Mfundo imeneyi imachepetsa mantha a mabwana akuti akuphunzitsira ena.

5. Sankhani poyera

Lengezani malowo kwa onse oyenera, pamodzi ndi zimene mukufuna. Pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa bwana amene amaona mwayi wochotsa munthu wovuta. Olandirawo akalumidwa kamodzi, ulendo wina sadzavomeranso. Wachiwiri ndi wa bwana amene amakana kutulutsa wodziwa ntchito chifukwa "popanda iyeyu zinthu ziima". Yankho lake lili m'mawu omwewo: ngati zinthu zingaime chifukwa cha munthu mmodzi, ndiye kuti vuto lilipo kale, ndipo tsiku lina adzadwala kapena kupeza ntchito kwina. Njira yofewetsa mtima wa bwana wotero ndi kusinthana mutu ndi mutu: mukatumiza wanu, iwonso akutumizireni wawo.

Onetsetsani kuti amayi ndi antchito a m'maboma akutali akupeza nawo mwayi. Kwa amene sangasiye banja kwa theka la chaka, funani malo mumzinda womwewo.

6. Konzekeretsani otsala

Patsale mwezi wathunthu wosiyirana ntchito. Wochokayo asangofotokoza pakamwa. Akhale pambali, manja m'thumba, wolowa m'malo mwake ndiye agwire kiyibodi. Azimitse seva yoyeserera n'kuidzutsa yekha, atsegule akaunti ya wantchito watsopano, abwezeretse fayilo yofufutidwa. Paliponse pamene wakakamira n'kufunsa kuti "apa ndipange bwanji?", yankholo lilembedwe nthawi yomweyo. Pa mwezi umenewu m'pamene mudzatulukira zobisika: pasiwedi yolembedwa pa kapepala komatidwa pansi pa kiyibodi, kiyi wa chipinda cha seva amene amagona m'galimoto ya munthu mmodzi, laisensi ya pulogalamu imene inalembetsedwa pa imelo yake ya Gmail. Ngakhale ulendowo utalephereka, kukonza zimenezi ndi phindu kale.

7. Samalani makiyi a makina

Apa m'pamene kusinthana akatswiri a makompyuta kumasiyana ndi kusinthana antchito ena, ndipo pakalakwika, ndondomeko yofuna kulimbitsa chitetezo imachifooketsa. Munthu amene wayenda m'nthambi zitatu, kulikonse n'kusiya akaunti yotsegula, amakhala ndi mphamvu zimene palibe anafuna kumupatsa. Mbava zikaba pasiwedi yake, zapeza makomo atatu.

Tsiku limene akuchoka, tsekani mphamvu zake zonse zoyendetsera makina a kwanu, ndipo sinthani mapasiwedi amene ankagwiritsa ntchito limodzi ndi anzake. Musamusiyire khomo lolowera ali kutali poganiza kuti "mwina tingamufune". Khomo limenelo ndilo lidzachititse otsala kuti asaphunzire.

Kumene akupita, amutsegulire akaunti ya dzina lake, osati kumubwereka ya wina, kuti chilichonse chimene wachita chidziwike mwini wake. Amupatse mphamvu zokhazo zofunika pa ntchito imene yalembedwa m'pangano, ndipo akauntiyo aiikire tsiku loti idzitseke yokha. Wopempha chinthu m'makina asakhalenso wochivomereza. Ngati akukagwira zokhudza mbiri za anthu, monga kaundula wa nzika, misonkho kapena za odwala, asaine lonjezo losunga chinsinsi ndipo afotokozeredwe zimene lamulo la Data Protection Act la 2024 likufuna. Laputopu ndi mafulashi a kwawo zisalumikizidwe ku netiweki ya olandira popanda chilolezo.

Pali phindu linanso limene a mabanki amalidziwa bwino, n'chifukwa chake amakakamiza antchito ena kupita kutchuthi: chinyengo chimafuna mwini wake akhale pafupi kuti azichiphimba. Wina akakhala pa mpandowo miyezi ingapo, zachilendo zimaonekera. Koma musalengeze ndondomekoyi ngati yosaka akuba, chifukwa aliyense wosankhidwa adzaoneka ngati akukayikiridwa.

8. Mupatseni womuyang'anira

Olandira asankhe munthu mmodzi woti aziyenda naye. Sabata ziwiri zoyamba aziona, kenaka azichita mnzakeyo ali pafupi, kenaka azichita yekha. Mwachitsanzo, pakafika imelo yokayikitsa yonena kuti akaunti ya malipiro yatsekedwa, asamuuze yankho. Amusiye aone yekha kuti dzina la wotumiza ndi la ofesi yodziwika koma adiresi yake yasiyana chilembo chimodzi, afufuze kumene linki ikupita popanda kuidina, ndipo alembe chenjezo lopita kwa antchito onse. Zotere sizilowa m'mutu pa msonkhano wa masiku atatu kunyanja.

Kamodzi pa mwezi, mabwana awiriwo ndi wantchitoyo akambirane, ngakhale pa foni kwa theka la ola. Bwana wa kwawo apewe kumuitanira timavuto ta tsiku ndi tsiku. Wotumikira maofesi awiri nthawi imodzi saphunzira kanthu.

9. Konzekerani kubwera kwake

Ndondomeko zambiri zimafera pano. Munthu wabwerako ndi luso latsopano, koma akumubweza ku ntchito yosintha inki ndi kulumikiza mawaya. Pakapita miyezi yochepa, ayamba kulemba makalata ofunsira ntchito kwina. Mwezi umodzi asanabwere, gwirizanani chimene adzasinthe kwanu, ndipo mumupatse mphamvu ndi nthawi yochitira zimenezo. Aphunzitse anzake, osati pongowaonetsa zithunzi pakhoma, koma kugwira nawo ntchitoyo. Amene anagwirizira mpando wake asabwezedwe m'mbuyo ngati sanachite kanthu. Ntchitoyo tsopano ili ndi oidziwa awiri, ndipo azisinthana.

Manambala a foni amene wabwera nawo ndi chuma china. Tsiku la ngozi, kudziwa woti umuimbire ku CERT kapena ku E-Government kumapulumutsa maola amene akanathera pa kulemba makalata odutsa m'maofesi.

10. Yambani pang'ono, yezani, kenaka kulitsani

Musadikire ndondomeko ya dziko lonse. Nthambi ziwiri zogwirizana, anthu awiri, miyezi 6, ndi chilolezo cholembedwa cha alembi aakulu kapena akuluakulu a mabungwewo: zimenezi n'zokwanira poyambira. Nthawi ikatha, musawerenge chiwerengero cha opita chokha. Bwererani ku kalembera wa luso uja muone ngati mizere yofiira yachepa. Funsani ngati ntchito zolembedwa m'pangano zinatha, ngati maakaunti onse akanthawi anatsekedwa, ndiponso ngati opitawo akadali m'boma patatha chaka. Funsaninso mabwana olandira ngati angavomere munthu wina. Akayankha mozengereza, fufuzani chifukwa chake musanatumize gulu lachiwiri. Zimene mwapeza zilembeni pa masamba awiri, pamodzi ndi ndalama zimene zalowa, n'kuzipereka kwa oyang'anira za antchito a boma nthawi yokonza bajeti isanakwane, kuti chaka chotsatira ndondomekoyi idzakhale ndi ndalama zakezake.