Usanadule galimoto, yamba wamudziwa galu

Mphwanga, ndamva kuti wapeza Toyota Quantum yakale ndipo ukufuna kuchotsamo mipando kuti ikhale bafa la agalu loyenda khomo ndi khomo, monga umationera ife tikuzungulira Randburg ndi Fourways. Maganizowo ndagwirizana nawo. Kumudzi angadabwe, koma kuno ku Johannesburg galu amagona m'nyumba, ndipo mwini wake sawerengera ndalama akapeza munthu womusamalirira chiweto chake pakhomo pomwepo.

Koma galimotoyo ibaima kaye. Yamba wagwira ntchito m'manja mwa munthu wodziwa, ngakhale chaka chathunthu, malipiro achepe bwanji. Kumeneko udzaphunzira kuti galu akamanyambita milomo, makutu atagonera kumbuyo, ndiye kuti mantha amugwira ndipo mano ali pafupi. Udzaphunzira kuti mpeni wa makina ometera umatentha msanga, uyenera kuuyesa padzanja lako usanaugunditse pamimba pa galu. Kuti m'chikhadabo chakuda muli mtsempha wosaoneka, umadula pang'onopang'ono. Kuti husky sametedwa mpala ngakhale mwini wake akakamire, chifukwa ubweya womwewo ndi umene umamuteteza kudzuwa. Zimenezi sizigulidwa kusitolo.

Ukafika pa galimoto, funso loyamba ndi kulemera kwa madzi, penti ndi dzina zibwere pambuyo. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 200 ndi matumba anayi a simenti, osawerengera bafa, tebulo ndi jenereta. Ine yanga ndinaiika kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mateyala, poti ndi kumene kunali malo. Tsiku lina pamsewu wa N1 ndinaponda mabuleki mwadzidzidzi, madzi n'kukhavukira kutsogolo, galimoto yonse n'kundikankha ngati pali wina kumbuyo. Ika thanki pansi, pakati pa mateyala akutsogolo ndi akumbuyo, uimange ndi mabauti, ndipo ikhale yogawa zipinda m'kati kuti madzi asamasewere. Pansi usasiye thabwa lili pamtunda: langa linafumbwa mvula isanathe. Mata fibreglass, ikwereko ndithu m'makoma. Pakamwa pa paipi yotulutsa madzi ikapo sefa, apo ayi ubweya udzakutsekera sabata yoyamba. Madzi akuda akhale ndi thanki yawoyawo. Ngalande za m'misewu ya kuno zimakathira mu Jukskei, ndipo anthu a m'mipanda sakhululukira thovu pageti pawo.

Zamagetsi usazichite wekha. Makina oumitsira ubweya amadya mawati 2,000 kapena kuposa, iwe utaima pamadzi. Itana katswiri wokhala ndi mapepala akuikire earth leakage. Ndipo usadalire soketi ya kasitomala. Amene tinagwira ntchitoyi mu 2023, Eskom ikuzimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse, tinaona kufunika kwa jenereta. Koma iziyaka kunja, chifukwa mpweya wake wakupha sununkha.

Tsono mvetsera bwino apa, pakuti ndi pamene mtima umandiwawabe. Unali mwezi wa Disembala, masana, ndikuumitsa ka pug, chitseko nditatseka kuopa kuti kangathawe. Ndinamva kupuma kwake kukusintha, kukuchita phokoso ngati macheka. Nditakayang'ana, lilime linali litatuluka lonse, likuyamba kuda, miyendo ikugwedera. Ndinazimitsa makina, kukanyowetsa ndi madzi ozizirira, n'kuthamangira nako kwa dokotala wa ziweto, mayi mwini wake akulira pampando wakumbali. Kanachira, koma usiku umenewo sindinaone tulo. Galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi wefuwefu, ndipo amphuno zophwatalala monga pug ndi bulldog amalephera msanga. Galimoto yachitsulo padzuwa ndi uvuni. Boola denga uikepo fani yotulutsa mpweya usanagule china chilichonse chokongoletsa, galimotoyo uziimika pamthunzi, ndipo agalu oterowo uziwapatsa nthawi ya m'mamawa. Chinanso, galu ali patebulo chingwe chili m'khosi, usachoke ngakhale foni ilire motani. Akadumpha, wadzimangirira.

Matenda nawo amakwera galimoto. Parvo imapha tiana ta agalu ndipo imakhalitsa pansi miyezi, ndiye bafa, tebulo ndi zipeso uzitsuka galu aliyense akatsika, ndi mankhwala a F10 kapena Jik wosungunula gawo limodzi m'magawo 30 a madzi. Funsa khadi la katemera. Wachiwewe ndi lamulo m'dziko lino. Ukapeza nkhupakupa, tukula mlomo uone nkhama. Zikakhala zotuwa, uza mwini wake apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Makasitomala anga okhalitsa ndinawapeza motero, osati ndi zikwangwani.

A inshuwalansi uwauze zoona, kuti galimotoyo ndi yabizinesi ndipo unaisintha m'kati. Makasitomala uwasanje dera limodzi patsiku, mafuta angakudyere phindu.

Loweruka ndili ndi agalu asanu ku Fourways, mmodzi ndi German shepherd wokalamba amene safuna kugwidwa miyendo yakumbuyo. Ubwere 6 koloko, uvale majombo. Uyamba ndi kutsuka bafa, kenako ndikuonetsa pomugwira.