Phunziro la Mau: Otsutsana ndi Kuumiriza

Abale, mwezi uno tiphunzire mau atatu otsutsana ndi kuumiriza.

1. Kupempha. Woumiriza ati, "Ndipatse!" Koma wopempha ati, "Mundithandizeko," nasiyira mnzache ufulu wakukana.

2. Kupatsa. Woumiriza atambasula dzanja kuti alande. Wopatsa alitambasula lili ndi kanthu.

3. Kukhululukira. Ndiko kuleka ngongole imene tikadatha kuilonjerera.

Tione chitsanzo ku Nkhamanga, dziko la Atumbuka, m'boma la Rumphi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 Mlowoka anaoloka nyanja kudzafuna minyanga ya njobvu. Sanadza ndi nkhondo ai, koma anapatsa eni dziko nsaru, mikanda ndi makasu, nakwatira ana ao akazi. Ndimo m'mene unayambira ufumu wa Chikulamayembe. M'zaka za m'ma 1850 anafika Angoni a M'mbelwa, natenga ndi nthungo zimene anazifuna, ufumuwo nugwa. Koma anthu sanauiwala, ndipo mu 1907 unaimikidwanso.

Tsono tidzifunse tokha: popita mawa kwa mnansi amene anabwereka khasu lathu, kapena chimanga chathu pa njala, tidzalowa pakhomo pache ndi mau ati mwa awa?