Chifukwa Chake Jenereta ya Amalume Inkazima

Anzanga a Fomu 3 ndi 4, tonse timaloweza kuti P = V × I. Ine ndinkayesa kuti nkhani ya mphamvu ya magetsi imathera pomwepo, mpaka holide yapitayi. Amalume anagula jenereta yolembedwa 2000 VA kuti azithirira dimba ndi pampu yodya mawati 1840. Ndinawauza motsimikiza kuti, "Amalume, ikwana imeneyi." Koma akangolumikiza pampu, jenereta inkalira kenako n'kuzima. Manyazi ake!

Nditafunsa aphunzitsi a Fizikisi ndinaona pomwe ndinalakwa. Magetsi a m'nyumba ndi a AC, a mavoti 230, ndipo karenti yake imapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Mu ayironi, voteji ndi karenti zimayendera limodzi, choncho V × I amapereka mawati enieni. Mota ndi ina. Mawaya ake opiringiza amakoka karenti ina yongopangira maginito, n'kuibweza osagwira nayo ntchito. Ili ngati kondakitala: salipira, koma malo mu minibasi amatenga, ndiponso popanda iye ulendo palibe.

Ndiye pali zinthu zitatu: mawati ogwira ntchito, ma var ongopita n'kubwerera, ndi ma VA omwe waya ndi jenereta zimasenza. Mukagawa mawati ndi ma VA mumapeza power factor. Tiyerekeze kuti ya pampu ndi 0.8. Ndiye 1840 ÷ 0.8 = 2300 VA, kapena kuti maampu 10. Jenereta ya 2000 VA siingathe, makamakanso poti mota ikamayamba imakoka karenti yochuluka kuposa pamenepa. Kumafakitale amaika makapasita pafupi ndi mota kuti achepetse vutoli.

Koma masiku ano zinthu zasintha. Matchaja a foni, ma TV ndi mababu ambiri a LED amakoka karenti modukizadukiza, osati mwa funde losalala. Izi zimabweretsa timafunde tina totchedwa harmonics, tomwe timatenthetsa mawaya ndi thiransifoma, ndipo kapasita payokha siitichotsa. Funso lakuti mphamvu tiziiwerengera bwanji funde likapindika ndi lakale. Budeanu wa ku Romania anapereka njira yake mu 1927, ndipo mu 1983 Akagi ndi anzake ku Japan anabweretsa ina yomwe imathandiza popanga zipangizo zosefera karenti.

Kuno kwathu magetsi ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, koma tsopano kulinso sola ya ku Salima yodzera m'ma inverter. Kotero akatswiri sangangofunsa kuti chipangizo chikudya mawati angati. Ayenera kudziwanso kakokedwe kake ka karenti.

Wina kwanu akamagula jenereta kapena inverter, yang'anani kaye: alemba W kapena VA? Amalume anakasinthitsa yawo n'kuwonjezera ndalama, ndipo mpaka pano akandiona amati, "Injiniya wafika!"